Lachinayi la makolo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye?

Mawu athu m'mawa uno ali pa Deuteronomo 6:6-7, pomwe Mose akuuza Aisraele kuti malamulo a Mulungu aziwaphunzitsa ana awo pokhala m'nyumba, poyenda pa njira, pogona ndi podzuka.

Mu 1882 ku France, nduna ya zamaphunziro, Jules Ferry, idabweretsa lamulo loti mwana aliyense wa zaka 6 mpaka 13, mnyamata ndi mtsikana yemwe, aziphunzira, koma katekisimu achoke m'sukulu za boma. Fizi adali ataichotsa kale mu 1881. Mitanda idayamba kutsika m'makoma a makalasi, ndipo Akatolika zidawapweteka, amati sukulu yopanda Mulungu idzalera ana opanda Mulungu. Pofika 1904 boma la Émile Combes lidaletsa abulazala ndi asisiteri kuphunzitsa, sukulu zawo zambiri n'kutsekedwa.

Sindinganene kuti a boma adalibe mfundo. Mwana wa mlimi wosauka adaphunzira ulere, wa Myuda ndi wa Mprotestanti sadakakamizidwenso kuloweza katekisimu wa mpingo wina. Komabe ndimawamvera chisoni amayi aja amene adaona mtanda ukuzulidwa pa khoma pomwe iwo adaphunzirira kupemphera.

Chandigwira mtima ndi ichi. Lamulo lomwelo lidasiya tsiku limodzi pa sabata, kupatula Lamulungu, lopanda sukulu, kuti makolo ofuna akaphunzitse ana za chipembedzo kunja kwa mpanda wa sukulu. Tsikulo lidali Lachinayi, mpaka mu 1972 pomwe lidasinthidwa kukhala Lachitatu. Mkangano wonse uja udabweza mwana m'manja mwa mayi ndi bambo ake, momwe Mose adamusiya kalekale.

Dzulo usiku ndidauza mwana wanga wa Sitandade 3 kuti anene Atate Athu. Adafika pa "mutipatse ife lero" n'kukakamira pomwepo, maso pansi, chala chikukanda mkeka. Ine masiku onsewa ndimati aphunzitsi ndi akatekisiti akuigwira ntchitoyi. Palibe boma lomwe lidanditsitsira mtanda m'nyumba mwanga, uli pa khoma pamwamba pa wailesi. Manyazi adandigwira ineyo, bambo wake.

Pano phala lake likuzizira m'mbale, yunifolomu ndaisita kale. Tiyambira pomwe adakakamira paja, ndipo mizere yotsalayo tikaimalizira pa njira, tisadafike pa geti la sukulu.