Mukafuna kukaona minda ya mphesa ku Cape, ku South Africa

Omvera athu kuno ku Mangochi, makamaka inu amene mumaperekera vinyo kwa alendo m'malo ogona ku Nkopola, Monkey Bay ndi Cape Maclear, mverani bwino za ulendo wa ku minda ya mphesa ku South Africa.

Minda yotchuka ili ku Stellenbosch, Franschhoek ndi Paarl. Kuchoka ku Cape Town kukafika ku Stellenbosch ndi makilomita pafupifupi 50. Ngati nthawi yachepa, pitani ku Groot Constantia, munda umene unayamba mu 1685, uli mumzinda wa Cape Town momwemo. Nyengo yabwino ndi February ndi March, pamene akukolola: mumaona mphesa zikutsitsidwa m'mabokosi, zikufinyidwa, fungo la zowira lili ponseponse. June mpaka August kumagwa mvula, kumazizira, ndipo mitengo imakhala itayoyola masamba.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Musaike minda isanu pa tsiku limodzi. Itatu yakwana. Munda uliwonse amakulawitsani mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, ndiye pofika munda wachinayi lilime latopa, zonse zikungokoma mofanana. Imbani foni kusungitsa malo, makamaka ngati mukufuna kulowa kumene amapangira vinyoyo. Idyani kaye m'mawa, ndipo musapopere perefyumu, imaphimba fungo la vinyo kwa inu ndi anzanu omwe.

Polawa yambani ndi woyera, kenako wofiira, wotsekemera pomaliza. Mukayamba ndi wotsekemera, woyera uja adzamveka wowawasa ngati bwemba. Gwirani tambula kumwendo kwake kuti dzanja lisatenthetse vinyo. Ipendekeni muone mtundu, izungulitseni pang'ono, nunkhizani, kenako pwirani pang'ono ndi kuyendetsa mkamwa monse. Patebulo pamakhala kachidebe: lavulirani mmenemo. Si mwano ayi, akatswiri amatero. Pakati pa mitundu imwani madzi.

Musachoke musanalawe Pinotage. Mphesa imeneyi ndi ya komweko, anaipanga Abraham Perold mu 1925 pokwatitsa mphesa za Pinot Noir ndi za Cinsaut. Pa woyera funsani Chenin Blanc. Mukalowa mkati, afunseni akuonetseni kusiyana kwake: wofiira amawira pamodzi ndi makoko a mphesa, ndiwo amapereka mtundu ndi kuuma kuja mkamwa, pomwe woyera amafinya n'kuchotsa makoko asanawiritse. Migolo ya mtengo wa oak imene mudzaione, yambiri imalowa malita 225. Lembani m'kabuku dzina la munda, mtundu wa mphesa ndi chaka, chifukwa mlendo akadzakufunsani kuno, mudzayankha zimene munaona ndi maso.

Abale athu achisilamu ndi ena amene simumwa, ulendowu sukukutsekerani kunja. Mutha kuyenda m'minda, kuona makina, ndipo m'malo ambiri mumapezeka juwisi wa mphesa. Ana osakwana zaka 18 salawitsidwa.

Woyendetsa galimoto asalawe, chonde. Ngati nonse mukufuna kulawa, chitani hayala, kapena kwerani Wine Tram, sitima yaing'ono ya alendo ya ku Franschhoek imene imaima munda ndi munda.

Za kugula, tengani mabotolo ochepa. Pandege saloledwa m'chikwama cha m'manja, ndiye akulungeni m'zovala pakati pa sutikesi. Pa basi ya ku Joni, masiku aja odutsa Beitbridge ndi Tete, vinyo amapsa ndi kutentha: amafufuma, kukankha chotsekera, n'kuyamba kudontha, kukoma kwake n'kuthawa. Mukafika naye kuno, ndi dzuwa lathu la mu October lija, musamusiye pawindo kapena pafupi ndi mbaula. Muikeni m'chipinda chozizira, chamdima, ndipo botolo la chotsekera cha cork ligone chammbali kuti chisaume. Wofiira muikeni m'firiji mphindi 20 musanathire, chifukwa kutentha kwa kunyanja kuno kumapangitsa kuti mowa wake uzimveka wolasa pakhosi.