Pamene kanema ankaphunzitsa ana kuwerenga poseweretsa mawu

Lero tikambirana za pulogalamu ya pa wailesi ya kanema imene anthu ambiri amene anakulira ku America m'zaka za m'ma 1970 amaikumbukirabe mwachikondi, yotchedwa The Electric Company.

Pulogalamuyi inayamba kuonetsedwa mu 1971, ndipo amene anaikonza ndi bungwe la Children's Television Workshop, lomwe linali litayambitsa kale pulogalamu ina ya ana yotchedwa Sesame Street mu 1969. Sesame Street inkakonzekeretsa ana omwe sanayambe sukulu, koma iyi inkalunjika kwa ana omwe anali kale m'kalasi ndipo kuwerenga kunkawavutabe. Pofika mu 1977, inali itatulutsa magawo 780.

Chimene anthu saiwala ndi kachigawo kena kosavuta kwambiri. Nkhope ziwiri zooneka ngati zithunzithunzi zinkayang'anizana. Munthu wa kumanzere ankatchula chiyambi cha liwu, zilembo zake n'kuoneka ngati zikutuluka pakamwa pake, wa kumanja n'kutchula mathero, kenaka zidutswa ziwirizo zinkalumikizana pakati ndipo onse awiri ankatchula liwu lathunthu. Luso lake lagona pa kamphindi kamene kankakhalapo zidutswazo zisanakumane, chifukwa mwana amene ankaonera anali ndi mpata woti alitulukire yekha liwulo ndi kulitchula mokweza anthu a pa kanemawo asanatero. Kwa mwana amene anzake amamuseka akamajejema powerenga m'kalasi, kupambana kotereku si kwamasewera.

Panalinso katuni ya Letterman. Munthu woipa wotchedwa Spell Binder ankasintha chilembo chimodzi m'liwu, ndipo chinthu chimene liwulo likuimira chinkasandulika nthawi yomweyo, zinthu n'kusokonekera, mpaka Letterman atafika ndi kuzula chilembo pa juzi yake kuti akonze liwulo. Tom Lehrer, katswiri wa masamu yemwe ankapekanso nyimbo zoseketsa, analemba nyimbo yofotokoza za chilembo cha e chimene sichitchulidwa kumapeto kwa mawu a Chingerezi koma chimasintha katchulidwe ndi tanthauzo, monga can kukhala cane. Lamulo limene likanatopetsa pa bolodi linkalowa m'mutu mwa mwana iye ali mkati moseka.

Osewera a m'pulogalamuyi sanali anthu wamba. Rita Moreno anali atapata kale mphoto ya Oscar, ndipo Morgan Freeman, asanatchuke m'mafilimu, ankasewera ngati Easy Reader, mwamuna wotsogola amene ankawerenga chilichonse chimene maso ake agwerapo. Ine ndimaona kuti apa okonza pulogalamuyi anaganiza mozama, pakuti mwana amatsanzira munthu amene amamusirira, ndipo anamuonetsa wamkulu wosiririka amene kuwerenga kumamukomera. Aphunzitsi nawonso anaona phindu lake, moti sukulu zambiri za pulayimale ku America zinkaionetsa m'kalasi pa nthawi ya maphunziro.