Kudzutsa lathe yakale: yambani ndi bedi, utoto ubwere pambuyo

Zikomo a wapampando, zikomo amisiri nonse, abambo ndi amayi, ndi achinyamata mwakhala kumbuyoko. Sendezani mipando kuti muziona bwino. Makina ali patebulo apawa ndi lathe ya Myford ML7, yosemera zitsulo. Inkapangidwa ku Beeston, pafupi ndi Nottingham ku England, kuyambira 1946 mpaka 1979. Tikambe za iyi popeza ndi imene ili pamaso pathu, koma zambiri zikugwiranso pa ma lathe ena monga South Bend ya ku America kapena Boxford.

Ambiri akapeza lathe yotere, chinthu choyamba amagula chitini cha utoto. Utoto sudula chitsulo. Zimene zimakuuzani ngati makina adzasema zowongoka ndi ziwiri, bedi ndi spindle, ndipo muziyeze musanatulutse ndalama ina iliyonse.

Bedi ndi njanji iyi imene saddle, ngolo yonyamula mpeni wosemera, imayendapo. Siitha mofanana kutalika kwake konse. Ntchito zambiri ndi zazifupi, zimachitikira pafupi ndi chuck, chogwirira chitsulo chimene mukusema, choncho pamenepo ndi pamene pamadyeka, pomwe kumapeto kwa tailstock, chochirikiza nsonga ya chitsulo chachitali, kumakhala ngati kwatsopano. Kuyesa kwake nkosavuta. Bweretsani saddle pafupi ndi chuck, mangani tizomangira take mpaka iziyenda popanda kugwedera, kenako iyendetseni kupita kumapeto. Ikayamba kulimba pakati panjira mpaka kukanirira, bedi yadyeka. Bedi ya ML7 ndi yafulati, ndiye mutha kuiyeza ndi micrometer, chipangizo choyezera kunenepa molondola kwambiri: yezani kunenepa kwa njanji kumapeto kosadyekako, muyezenso pafupi ndi chuck, muone kusiyana. Kusiyana kwa mamilimita 0.02 kapena 0.03 musadandaule nako, mugwira ntchito. Kukafika cha ku 0.1, saddle simungaimange bwino malo onse, ndipo mankhwala ake enieni ndi kukaiperetsa bedi pa makina akuluakulu operera. Wina asakunamizeni kuti aiwongola ndi galayinda ya m'manja. Aiwononga kotheratu.

Tibwere ku spindle, chitsulo chimene chimazunguza chuck. Mangani chitsulo chachitali mu chuck, ikani dial indicator, kawotchi koyezera kusuntha, pamwamba pa mphuno ya spindle, ndiye munyamule chitsulocho ndi dzanja, muone singano. Ikasuntha kupitirira mamilimita 0.05, ma bearing alekerera, ndipo mudzazimva posema: makina amalira, chitsulo chimatuluka ndi timizeremizere. Pa ML7 ma bearing ake si a mipira ayi, ndi a chitsulo chofewa chotchedwa white metal, ogawika pakati. Pansi pa zivundikiro zake pali ma shim, timapepala tachitsulo tomatikizana, kalikonse kokhuthala mamilimita 0.05. Mumasenda kamodzi mbali zonse ziwiri, kumanga, kuyesanso. Kamodzi basi, osati tiwiri nthawi imodzi. Mukatero thirani oyilo, makina ayende mphindi 20, mugwire chivundikiro. Chikhale chofunda. Chikakuotchani mwamangitsa, ndipo white metal ikatentha kwambiri imapaka pa spindle. Zivundikirozo muziike chizindikiro musanachotse, chakutsogolo chisapite kumbuyo, chisatembenukenso.

Ziwirizi zikakhala bwino, mutha kumasula makina. Jambulani ndi foni musanachotse chilichonse, ndipo mabawuti a gawo lililonse akhale m'kachitini kawokawo. Apa mverani bwino: mabawuti a makina a ku England a nthawi imeneyo ali ndi mazinga a BSF, Whitworth ndi BA, si a metric. Mukataya limodzi, la M6 la ku hardware lingalowe kawiri katatu kenako nkulimba, ndipo mukalikakamiza mwapha mazinga a m'dzenje. Sipanala za mamilimita nazonso zimadya mitu yake.

Chuck yokanirira ndi imene yathyoletsa magiya ambiri. Chuck ya ML7 ndi yopotokola pa mazinga, inchi imodzi ndi gawo limodzi mwa 8, mazinga 12 pa inchi. Ikakana, munthu amalowetsa back gear, magiya otsitsa liwiro, kuti spindle isazungulire, nkutenga hamala. Magiya amenewo ndi a cast iron, sapindika, amangothyoka mano. Thirani oyilo wolowerera pa mazinga, mudikire masiku awiri atatu. Spindle muigwire ndi lamba wokulunga kapena chomangira chamatabwa, osati ndi mano a giya. Ndipo yalani thabwa pa bedi, chifukwa chuck ikamasuka imagwa.

Dzimbiri la pa bedi chotsani ndi palafini, lezala logoneka, ndi kasiponji kokwechera ka Scotch-Brite. Sandipepa ayi. Timabowo tamawanga timene dzimbiri lasiya tisiyeni, sitisokoneza kanthu, timangosunga oyilo. Zitsulo zing'onozing'ono mutha kuziviika m'ndowa yapulasitiki: madzi malita 4, supuni imodzi yayikulu ya washing soda, ndi chaja ya batire ya galimoto. Waya wa negative upite ku chitsulo mukutsukacho, wa positive ku chitsulo chotayika, ziwirizo zisakhudzane. Mukasinthanitsa mawaya, chimene chidyeke ndi chitsulo chanu. Chotayikacho chisakhale cha stainless chifukwa chimaipitsa madzi ndi poizoni, ndipo muchitire panja popeza pamatuluka mpweya woyaka. Mukavuula, umitsani ndi kupaka oyilo pompopompo. Utoto wakale nawonso utha kukhala ndi mtovu, musaupale wouma m'nyumba momwe ana akusewera.

Tsopano taonani timabowo iti, tooneka ngati topopera girizi pa galimoto. Ndi ta oyilo. Girizi ukalowamo umatseka tinjira ta oyilo, umagwiranso zinyenyeswa za chitsulo nkusanduka phala lonolera, lomwe limadya bedi tsiku ndi tsiku. Mukaupeza, tsukani tinjira tonse ndi palafini ndi kawaya mpaka mutaona kuti oyilo akudutsa. Pa spindle thirani oyilo wa hydraulic wa ISO 32, tibotolo tapamwambati tizidontha pang'onopang'ono nthawi yonse makina akuyenda. Pa bedi pamafunika wolemererako, wa ISO 68. Oyilo wakuda wochotsa mu injini musamuyandikize. Sinthaninso tinsalu ta felt tomwe timapukuta bedi kutsogolo kwa saddle. Ntotchipa, koma ndi timene timaletsa zinyenyeswa kulowa pansi.

Bambo uko afunsa za chogwirira cha cross slide, gawo lokankhira mpeni ku chitsulo, chimene chimazungulira kaye chabe chisanayambe kukankha. Kumeneko ndi kutha kwa nati ndi sikuluwu yake. Kukakhala kochepa sikuletsa ntchito, bola muzilowa mbali imodzi nthawi zonse: mukapitirira muyeso, bwererani kwambiri, ndiye mubwerenso kutsogolo. Kukafika theka la kuzungulira, sinthani nati. Ma gib, tizitsulo tam'mbali mwa slide, mangani kuyambira pakati, pang'onopang'ono, mpaka kugwedera kuthe koma dzanja lisavutike.

Gawo limene ambiri amalumpha ndi kukhazika makina. Bedi ya cast iron imapotoka mukaimangira pa tebulo lopindika, ndipo lathe yabwinobwino imayamba kusema mbali ina yonenepa ina yowonda. Tebulo likhale lachitsulo, lolimba, losagwedera. Mangani chitsulo cha mamilimita 25 mu chuck, chituluke mamilimita 100 kapena kuposerapo pang'ono, osachichirikiza ndi tailstock. Semani pakati kuti kutsale timikanda tiwiri, kamodzi pafupi ndi chuck, kena kunsonga. Dutsitsani mpeni wakuthwa pa tonse tiwiri, mopepuka kwambiri, osasuntha cross slide, ndiye muyeze. Kunsonga kukanenepa, ikani shim pansi pa phazi la ku tailstock, mbali yakutsogolo, imene mumayimayo. Kukawonda, shim ipite mbali yakumbuyo. Chitini cha zakumwa chodulidwa ndi sizasi chimagwira ntchito imeneyi, nchokhuthala pafupifupi mamilimita 0.1. Bwerezani mpaka miyeso ifanane. Mukamaliza apo mpamene muwongole tailstock. Mukayamba ndi tailstock mudzangobisa kupotoka kwa bedi.

Za kuwonjezera zatsopano, chimene chimasintha makina kwambiri ndi mota ya three phase ndi VFD, kabokosi kosinthira liwiro la mota. Magetsi a m'nyumba a ESCOM ndi 230 volts, single phase. VFD imalandira amenewo nkutulutsa three phase ya 230 volts, ndipo liwiro mumasintha ndi kabatani kopotokola. Mota ya 0.55 kW ikukwana. Onani pa chikwangwani chake kuti palembedwa 230/400, ndipo muilumikize mwa delta. Mukaisiya pa star idzazungulira koma yopanda mphamvu. Pakati pa VFD ndi mota pasakhale switch iliyonse, kudula pamenepo makina akuyenda kumapsereza VFD. Iikeni m'bokosi lolowa mpweya koma losalowa zinyenyeswa, ndipo waya wa earth ufike pa makina enieniwo. Ntchito ya mawayayi agwire wodziwa zamagetsi.

Musatengeke nalo liwiro. ML7 inatuluka ku fakitale ndi maliwiro 6, kuyambira kuzungulira ka 35 mpaka ka 640 pa mphindi, ndipo ma bearing a white metal sanapangidwire kuthamanga kwambiri kuposa apo. Kutsitsa kwambiri nakonso nkoipa, chifukwa fani ya mota imafooka, mota nkutentha. Pa ntchito yolemera sinthani lamba kapena lowetsani back gear monga kale. Chitsulo wamba cha mamilimita 25, ndi mpeni wa chitsulo cholimba cha HSS, chimafuna cha m'ma 380 pa mphindi. Chikanenepa kawiri, liwiro litsike ndi theka. Ikaninso VFD kuti iziyimitsa mota pang'onopang'ono, masekondi atatu kapena anayi. Spindle ikayima mwadzidzidzi, chuck yolemera imapitiriza kuzungulira yokha, imamasuka pa mazinga nkugudubuzika.

Zomwezo zikukhudza kusema mazinga a metric. Leadscrew ya makina awa, sikuluwu yayitali yoyendetsa saddle, ili ndi mazinga 8 pa inchi. Inchi ndi mamilimita 25.4, ndipo 25.4 kuchulukitsa ndi 5 ndi 127, nchifukwa chake giya ya mano 127 ndi imene imatembenuza muyeso ndendende. Mukayamba kusema musatsegule half nut, nati yogawika yolumikiza saddle ku leadscrew, mpaka mazinga atatha. Mukafika kumapeto, bwezani mpeni, yimitsani, bwererani ndi reverse pa liwiro lotsika, chuck ili yomangika bwino.

Achinyamata amene muyese makinawa masana ano, pindani manja a malaya, chotsani mawotchi ndi magolovesi, valani magalasi. Kiyi wa chuck asatsale mu chuck dzanja lanu litachokapo. Zinyenyeswa muzikoka ndi kangowe makina atayima, osati ndi zala. Amene muli ndi micrometer bwerani kutsogolo kuno, tiyambe kuyeza bedi iyi kuchokera ku tailstock.