Mahedifoni otsika mtengo omiksira nyimbo: musanapereke ndalama, taonerani izi

(M'kachipinda kojambuliramo nyimbo ku Mchinji boma. Pathebulo pali laputopu, kabokosi kolumikizira maiki ndi mahedifoni kotchedwa soundcard, komanso mahedifoni awiri.)

Moni nonse kulikonse kumene mukuonera. Ine ndili kuno ku Mchinji, m'kachipinda kamene ndimajambuliramo makwaya ndi anyamata oimba. Taonani kumwambaku, ndi malata okhaokha opanda siling'i. Makoma ndi a njerwa, pansi ndi simenti. Tamverani izi.

(Awomba m'manja kamodzi.)

Mwamva mmene phokoso labwerera? M'chipinda chotere, ngakhale mutaikamo masipika a situdiyo odula, chimene chimafika m'makutu mwanu ndi nyimbo yosakanikirana ndi makoma. Besi imaunjikana m'makona, pakati pa chipinda n'kumamveka yochepa. N'chifukwa chake ambiri a ife timagwiritsa ntchito mahedifoni pomiksa, kutanthauza polinganiza mawu a oimba ndi zida kuti zimveke bwino pamodzi. Komanso magetsi akathima masipika amangoti zii, pamene laputopu ndi mahedifoni zimapitiriza ntchito mpaka batire itatha. Ndiye ngati ndalama zanu zikukwana chinthu chimodzi chokha, chinthucho ndi mahedifoni. Funso n'lakuti, ati?

Kwaya yoyamba imene ndinajambula inachokera cha ku Kamwendo. Amayi ndi abambo anasonkherana ndalama atagulitsa mtedza ndi soya, n'kubwera kuno pa lole. Nthawi imeneyo ndinali ndi mahedifoni amene ndinagula m'sitolo ina ku Lilongwe, aja a besi yogunda mpaka pachifuwa. Pomiksa ndinkamva kuti abambo oimba besi achuluka, ndiye ndinkawatsitsa. Mawu a amayi ankamveka ngati ali kuseri kwa bulangete, ndiye ndinkawakweza ndi kuwanola. M'makutu mwanga zonse zinali bwino. Tsiku lokaimvera kutchalitchi kwawo pa sipika yaikulu, abambo aja anasowa, ng'oma inamveka ngati chitini, mawu a amayi akulasa m'makutu. Mkulu wa kwaya ananditengera pambali mwaulemu n'kundifunsa ngati abambowo ndinawajambuladi. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndinkadziwa mmene ndalama ija inapezekera. Ndinabwereza ntchito yonse osawalipiritsa.

Chimene chinachitika n'chosavuta kumvetsa. Mahedifoni akamawonjezera besi, dzanja lanu limachotsa besi mu nyimbo. Akamabisa mawu akumwamba, inu mumawawonjezera mopitirira. Nyimbo imatuluka yopendekera mbali inayo. Mahedifoni omvera nyimbo m'basi anapangidwa kuti azikometsa chilichonse. Omiksira ntchito yawo ndi ina: pamene pali pabwino akuuzeni, pamene pali chilema akuonetseni chilemacho. Mukawavala koyamba mwina mudzaona ngati ndi ouma, osakoma. Musawabweze msanga chifukwa cha zimenezo.

Ndipo zolembedwa pakatoni zija, zoti 20 Hz mpaka 20 kHz, zisakukopeni. Amenewo ndi malire a kumva kwa khutu la munthu, ndipo pafupifupi katoni iliyonse imalemba zomwezo. Sizikuuzani ngati pakati pa malirewo mawu akuyenda mofanana kapena pena pakwera phiri pena pali dzenje.

(Anyamula mahedifoni onse awiri, n'kuonetsa kumbuyo kwake.)

Taonani kusiyana. Awa kumbuyo kwake n'kotseka. Awa ali ndi timabowo. Otsekawa amasunga mawu m'kati, ndiye ndi amene mumamupatsa woimba akaima pa maiki. Mukamupatsa a timabowo, biti imatulukira kunja, maiki n'kuitola, ndipo pomiksa mudzapeza kabiti kakulira chapansipansi m'mawu ake, kosachotseka. Otseka amathandizanso ngati situdiyo yanu yayandikana ndi chigayo kapena msewu wa M12 kumene malole opita ku Mwami amadutsa usana ndi usiku. A timabowo ubwino wake ndi wakuti nyimbo imamveka yotambasuka, besi siifufuma kwambiri, ndipo m'kutentha kwa Okutobala makutu amapumako. Ine ndimakonda kumiksira amenewa usiku kukakhala bata. Koma ngati mukugula amodzi okha oti muzijambulira ndi kumiksira, tengani otseka. Pamenepo sindikayika.

Tsopano mayina. Amene ndimawalozera munthu woyamba kumene ndi Audio-Technica ATH-M20x. Ndi otseka, ndi otsika mtengo kwambiri pa banja lawolo, ndipo sanama kwambiri pa besi. Chodandaulitsa n'chakuti chingwe chake sichichotseka; chikaduka m'kati mufunika munthu wodziwa kuwotcherera nthambo. Akulu ake, ATH-M40x, mtengo wake ndi wokwera pafupifupi kawiri, koma chingwe chimazuka n'kuikapo china, ndipo amamveka mosakondera mbali. Ndinene maganizo anga: ngati mungathe kudikira miyezi iwiri itatu mukusunga, dikirani M40x. Ambiri amathamangira M50x chifukwa ndi amene amawaona m'mavidiyo, koma amenewo ndi odula kuposa apa, besi yake ndi yonenepako, ndipo pomiksa ine sindiona chimene amaposera M40x.

Sony MDR-7506 anatuluka mu 1991, ndipo mpaka lero akupangidwabe ndi kugwiritsidwa ntchito m'mawailesi ndi pojambula mafilimu. Amenewa amaonetsa poyera mawu akumwamba. Ka "sss" kolasa m'mawu a woimba, kaphokoso ka nthambo yoonongeka, mpando kulira pamene kwaya yapuma, zonsezo simungaziphonye. Kwa ife ojambula makwaya, kumene mawu a munthu ndiwo mwini nyimbo, ndi chida chabwino kwambiri. Ingodziwani kuti chifukwa cha kuthwa kwawoko mukhoza kufewetsa nyimbo mopitirira, n'kutuluka yozizira.

Kumbali ya a timabowo, otsika mtengo ndi Samson SR850 ndi Superlux HD681. Onsewa ndi akuthwa kumwamba, makamaka Superlux, koma pa ndalama yake amakuthandizani kumva pamene chida chilichonse chakhala. AKG K240 Studio ndi okwererapo, ofatsa m'makutu, besi yake ndi yocheperako.

Pali nambala imodzi pakatoni imene muyenera kuiyang'ana: ma ohm. Ikakhala yaikulu, mahedifoniwo amafuna mphamvu yambiri kuti amveke mokwanira. M20x ndi a 47, M40x a 35, Sony uja a 63, SR850 a 32. Onsewa laputopu kapena soundcard yaing'ono ngati Behringer UMC22 kapena Focusrite Scarlett Solo imawakwanitsa. Chenjerani ndi Beyerdynamic DT 770 Pro. Ndi abwino, koma alipo a ma ohm 32, a 80 ndi a 250, ndipo maonekedwe ndi pafupifupi ofanana. Mukatuma m'bale wanu wa ku Johannesburg osamuuza nambala, akhoza kukubweretserani a 250, inu n'kuwalumikiza ku laputopu, mawu n'kumamveka ngati akuchokera kutsidya kwa Bua. Muuzeni 80 kapena 32.

A Bluetooth asiyeni. Mawu amafika mochedwa, woimba amaphonya biti, ndipo nyimbo imafinyidwa isanafike kukhutu. Chingwe basi.

Nkhani ya zachinyengo ndiyo imandidetsa nkhawa, chifukwa mayina otchukawa ndi omwenso amakoperedwa kwambiri, makamaka M50x ndi MDR-7506. Kaya mukugula ku Lilongwe, kaya mwawolokera ku Chipata, kaya ndi munthu wa pa Facebook, mtengo ukatsika modabwitsa dziwani kuti pali chifukwa. Musapereke ndalama musanawavale. Tengani foni yanu ndi nyimbo ziwiri zitatu zimene mumazidziwa ngati njira ya kwanu. Mverani ngati mawu a woimba akhala pakati penipeni pa mutu. Akapendekera khutu limodzi, mbali ina ndi yofooka. Gwedezani chingwe pamene chalowera ndi pamene pali pulagi, mumve ngati chikuthetheka. Kwezani besi pang'ono, mumve ngati m'kati mukunjenjemera kanthu. Funsaninso kapulagi kakakulu ka 6.35 mm, chifukwa soundcard zambiri bowo lake ndi limenelo, pamene la laputopu ndi la 3.5 mm. Ogwiritsidwapo kale ntchito si oipa ayi, bola akhale enieni. Timapilo ta m'makutu tikasupuka timagulidwa patokha, ndipo musachedwe kusintha, chifukwa tikaphwa mpweya umatuluka m'mbali, besi n'kuchepa, inu osadziwa kuti mahedifoni anu asintha kamvekedwe.

Mukawagula, musayambe n'kumiksa. Sabata yoyamba ingomverani nyimbo za ena zomiksidwa bwino, za mtundu umene inu mumapanga, mpaka khutu lizolowere kuti besi yoyenera imamveka bwanji m'mahedifoni amenewa, mawu a woimba amakhala pati. Kenako ikani imodzi mwa nyimbozo mu pulogalamu yomiksira ngati FL Studio pambali pa yanu, muzilinganize kukwera kwake, muzisinthasintha. Ine mpaka lero sindimiksa popanda kutero.

Mahedifoni alinso ndi bodza lawo limene ngakhale odula sangalithetse. Khutu lakumanzere limamva zakumanzere zokha, lakumanja zakumanja zokha, pamene pa masipika khutu lililonse limamva mbali zonse. Ndiye nyimbo imamveka yotakata kuposa mmene ilili, ndipo reverb, kuja kubwerera kwa mawu ngati muli m'holo, imaonekera kwambiri moti mukhoza kuika yochepa. Mankhwala ake ndi kuimvera mu mono, mbali zonse ziwiri zitaphatikizidwa kukhala imodzi, musanaitulutse. Ganizirani kumene nyimbo yanu ikupita: idzayenda pa WhatsApp, idzalira pa foni ya Itel ya kasipika kamodzi, pa kasipika konyamula m'manja pamsika, pa Mudzi Wathu kudzera pa kawailesi ka mabatire. Kasipika ka foni sikatulutsa besi yakuya. Ngati 808 yanu, besi yakuya ija ya mu biti, yangokhala pansi penipeni, pa foni idzasoweratu. Iwonjezereni saturation pang'ono, kutanthauza kuikhakhalitsa pang'ono, kuti ikhale ndi mawu ena chapakati amene foni ingathe kutulutsa. Ine ndikamaliza ndimaitumiza pa foni, n'kutuluka nayo panja. Nthawi zina ndimapita nayo ku depoti, n'kupempha adalaivala a minibasi imene ikudikira anthu kuti andiikire kamodzi. Zimene ndamva kumeneko ndimalemba pakapepala, n'kubwerera kudzakonza.

Za makutu anu, abale anga, ndikupempheni. Bungwe la ku America loona za umoyo wa anthu pantchito, NIOSH, limaika malire a kukwera kwa phokoso pa madesibelo 85 kwa maola 8 patsiku, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 3 nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2, pa 100 mphindi 15 zokha. Mahedifoni otseka mukawakweza mpaka kumapeto amafika kumeneko mosavuta. Kumva kumene kwaonongeka ndi phokoso sikubwerera. Komanso nyimbo ikakwera kwambiri chilichonse chimamveka chokoma, ndiye mumalephera kuweruza. Miksani motsitsa, ndipo pakatha ola vulani mahedifoni, tulukani mukamwe madzi. Mukavula n'kumva kulira kwa "tiii" m'khutu, tsiku limenelo ntchito yathera pomwepo.

(Avala mahedifoni, n'kutembenukira ku laputopu.)

Mu vidiyo yotsatira nditsegula nyimbo ya kwaya ija ya ku Kamwendo, miksi yoyamba ndi yachiwiri, tidzamvere limodzi pamene abambo aja anasowera ndi mmene ndinawabwezeretsera.