Timakutu ta kuseli kwa chiwongolero: mmene ma paddle shifter amagwirira ntchito

[Kamera ili mkati mwa galimoto, manja a wofotokoza ali pa chiwongolero]

Moni nonse amene mukuonera. Tayang'anani pamene pali zala zangapa. Kuseli kwa chiwongolero kuli timakutu tiwiri, kena kumanja, kena kumanzere. Kakumanja kali ndi chizindikiro cha +, kakumanzere kali ndi cha −. Mukakakokera kwa inu kamalira kuti "ke", mukakasiya kamabwerera kokha. Amenewa ndiwo ma paddle shifter, osinthira magiya: kakumanja kamakweza giya, kakumanzere kamatsitsa.

Ndakwerapo ndi madalaivala ambiri a galimoto za otomatiki amene atha zaka osatikhudza n'komwe. Ukawafunsa, wina amati akuopa kupha giyabokosi, wina amati n'zokongoletsera chabe. Zimandiwawa mumtima, chifukwa pa mtsetse wautali timakutu timeneti timapulumutsa mabuleki, ndipo mabulekiwo ndi amene anyamula moyo wa aliyense wokwera m'galimotomo.

Timakutu timeneti tinachokera ku mpikisano wa galimoto wa Formula 1. Mu 1989 kampani ya Ferrari inatulutsa galimoto yotchedwa 640, imene anaikonza John Barnard. Isanabwere imeneyi, dalaivala ankachotsa dzanja limodzi pa chiwongolero n'kugwira ndodo ya magiya, phazi lili pa kilatchi, galimoto ili pa liwiro loopsa. Mu 640 ankangokoka ndi chala, manja onse ali pamalo pake. Nigel Mansell anapambana nayo pa mpikisano woyamba umene inalowa, ku Rio de Janeiro m'dziko la Brazil. Pofika 1997 Ferrari inaika njirayi mu F355, galimoto yoyenda pamsewu wamba, ndipo lero timakutu timeneti mutipeza ngakhale mu galimoto zing'onozing'ono ngati Honda Fit.

[Chojambula: waya wochokera pa chiwongolero kupita ku kabokosi, kenako ku giyabokosi]

Tsopano timvetsetsane apa. Palibe chitsulo kapena chingwe chokoka chimene chimachokera pa kakhutu kukafika ku magiya. Kakhutuko ndi switchi, ngati yoyatsira getsi. Mukakakoka, uthenga wamagetsi umapita ku kompyuta yoyang'anira giyabokosi. Kompyutayo nthawi zonse imakhala ikuwerenga liwiro la galimoto, kazunguliridwe ka injini, mmene mwapondera moto, ndi kutentha kwa oyilo wa m'giyabokosi. Uthenga wanu ukafika imauika pamodzi ndi zonsezi, n'kuona ngati zimene mwapemphazo zingatheke popanda kuononga kanthu. Choncho pokoka kakhutu mukupempha giya, ndipo wolowetsa giyayo ndi kompyuta.

Ikavomera, zimene zimachitika pansi zimatengera mtundu wa giyabokosi. Mu otomatiki yozolowereka, yokhala ndi torque converter, chida cholumikiza injini ndi magiya pogwiritsa ntchito oyilo, kompyuta imatsegula timavavu tamagetsi totchedwa ma solenoid. Oyilo wopopedwa mwamphamvu amadutsa m'tinjira take n'kukafinya timbale ta kilatchi ina, pamene ina ikumasulidwa. Mano a magiya sachoka pamalo, amakhala olumana nthawi zonse. Chimasintha n'chakuti mbali iti yagwiridwa ndipo mbali iti yasiyidwa kuti izungulire.

Mtundu wina uli ndi makilatchi awiri. Volkswagen inautulutsa mu 2003 mu Golf R32 n'kuutcha DSG. Kilatchi imodzi imasamalira giya 1, 3 ndi 5, inayo giya 2, 4 ndi 6. Pamene mukuyenda pa giya 3, giya 4 imakhala italowa kale mbali inayo, ikungodikira kilatchi yake. Mukakoka kakumanja, kilatchi iyi imamasula, inzake n'kugwira, kuphethira kwa diso zatheka. N'chifukwa chake pa galimoto zotere ma paddle amamveka achangu kwambiri.

Ndiye pali CVT, imene ilibe magiya owerengeka. Ili ndi mapule awiri osintha kukula ndi lamba wachitsulo pakati pake. Mainjiniya anangosankha malo angapo pa mapulewo, mwina 7, n'kuwapatsa manambala. Mukaona "3" pa dashibodi, lamba waima pamalo achitatu mwa malo amenewo. Ena amanyoza kuti amenewa ndi magiya onamizira. Ine sindinyoza, chifukwa pa mtsetse amagwira galimoto chimodzimodzi.

[Kamera ikuloza geji ya injini, muvi uli pa 4]

Tibwere pa mantha aja akuti mupha giyabokosi. Titenge giyabokosi yodziwika ya magiya 8 yopangidwa ndi kampani ya ZF, imene imapezeka mu galimoto zambiri za BMW. Pa mtundu wake woyamba, muli pa giya 4 injini imazungulira ka 1.667 kuti shafuti yotuluka m'giyabokosi izungulire kamodzi. Pa giya 3 ndi 2.106, pa giya 2 ndi 3.143. Tinene kuti muli pa giya 4, injini ikuzungulira ka 4,000 pa mphindi. Mukakoka kakumanzere kamodzi, giya 3 ikweza injini kufika cha m'ma 5,050. Kompyuta ivomera. Mukakokanso nthawi yomweyo, liwiro lisanatsike, giya 2 ingaikankhire kupitirira 7,500, pamene pa injini zambiri za petulo mzere wofiira wa pa geji, wosonyeza malire a injini, umayambira cha m'ma 6,500 kapena 7,000. Apa kompyuta imakana. Galimoto zina zimalira kabelu, zina nambala ya giya imaphethira, zina zimangokhala chete. Pa galimoto ya manyuwo dzanja likhoza kukakamiza giya yolakwika n'kupinda mavavu a injini. Apa khomo limenelo n'lotseka.

Mbali inayo n'chimodzimodzi. Mukaiwala kutsitsa magiya pofika poima, kompyuta imatsitsa yokha kuti injini isazime. Mukafika pa mzere wofiira osakoka kakumanja, galimoto zambiri zimakweza zokha giya, zina zimagwira giya yomweyo n'kumadula mafuta mpaka mutasintha.

Nanga ngati kompyuta ili ndi nzeru zonsezi, dalaivala alowererenji? Chifukwa inu mukuona msewu. Galimoto zina zodula zayamba kugwiritsa ntchito mapu posankha giya, koma zambiri zimangodziwa zimene zikuchitika pakali pano. Sizidziwa kuti kutsogoloko kuli mtsetse wa makilomita asanu, kapena kuti lole imene ili patsogolo panu mukufuna kuipitirira.

[Chithunzi cha msewu wotsika phiri]

Za mtsetse ndimazinena ndi mtima wonse chifukwa zinandionekera. Tsiku lina ndinkatsika phiri galimoto itadzaza anthu ndi katundu, ndili pa D, phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba. Chisanafike chigwa ndinamva fungo ngati chinthu chikupserera. Buleki inayamba kumira, ndikuponda koma galimoto osamvera ngati poyamba. Nditapeza poima ndinatuluka, ndipo nditayandikiza dzanja ku tayala lakutsogolo ndinalibweza msanga, kutentha kwake ngati ng'anjo. Timakutu tinali pomwepo pansi pa zala zanga ulendo wonsewo.

Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mukawagwira osapumira, kutenthako kumachuluka kuposa mmene mphepo ingakuchotsere. Mapadi amasiya kuluma bwino, ndipo oyilo wa mabuleki amatha kuwira. Mankhwala ake ndi injini. Mukachotsa phazi pa moto, khomo lolowera mpweya mu injini ya petulo limatsekeka, ndiye matayala ndi amene amakakamiza injini kuzungulira, iyo ikukana. Giya ikakhala yaing'ono kukanako kumakula. Choncho mukaona mtsetse, chepetsani liwiro muli pamwamba, kokani kakumanzere kamodzi kapena kawiri, mumve galimoto ikudzigwira yokha. Injini ilira kwambiri, muvi ukwera mwina kufika pa 3,000 kapena 4,000. Musaope, sikuonongeka. Injini zamakono zimadula mafuta pa nthawi imeneyi, kotero kulirako si kumwa petulo. Buleki muziiponda mwamphamvu kwa kanthawi, n'kuisiya ipume. Ndipo chonde, musatsike phiri pa N.

Popitirira galimoto ina nkhani yake ndi nthawi. Mukangoponda moto mpaka pansi muli pa D, kompyuta imayamba yazindikira zimene mukufuna, kenako imatsitsa magiya, kenako mphamvu imabwera. Kamphindi kameneko kamakupezani mwatulukira kale mbali ya galimoto zobwera. Kokani kakumanzere mukadali kumbuyo kwa lole, injini ikhale yokonzeka, ndipo mpata ukapezeka mphamvu ikhala ilipo kale. Pokoka ngolo pachitunda, giyabokosi ikamangosinthasintha pakati pa magiya awiri, igwireni pa giya yaing'onoyo. Pamatope kapena poterera, galimoto zina zimalola kunyamuka pa giya 2 kuti matayala asapalase.

Pali chimene chimasokoneza ambiri. Mukakoka kakhutu ndodo ili pa D, galimoto imakumverani kwa kanthawi chabe. Mukayenda masekondi angapo pa liwiro limodzi osakokanso, imabwerera ku otomatiki. Mukafuna kuti giya ikhale mpaka inu mutasintha, ikani ndodo pa M, kapena pa S kwa galimoto zina, kenako kokani.

Onaninso pamene timakutu tanu tamangiriridwa. Pa BMW, Porsche ndi Volkswagen timazungulira limodzi ndi chiwongolero. Pa Ferrari ndi Alfa Romeo Giulia tili pa mtengo wa chiwongolero, sitisuntha, ndipo n'tatitali kuti chala chitipeze. Ngati tanu timazungulira, pokhota kwambiri kakumanja kamapezeka kali kumanzere, ndiye sankhani giya musanalowe pokhotapo.

Galimoto zamagetsi monga Hyundai Ioniq 5 ndi Kia EV6 zilinso ndi timakutu, koma ntchito yake ndi ina. Zilibe magiya osintha. Kakumanzere kamawonjezera mphamvu imene mota imagwirira galimoto mukachotsa phazi pa moto, ndipo mphamvuyo imabwerera m'batire. Kakumanja kamaichepetsa.

[Galimoto ikuyenda pa msewu wowongoka, wopanda galimoto zina]

Tiyesere limodzi. Msewu ndi wowongoka, kumbuyo kulibe munthu, ndili pa makilomita 60 pa ola. Ndachotsa phazi pa moto. Ndakoka kakumanzere kamodzi, tamverani injini, muvi wakwera pang'ono. Ndakokanso, ndipo thupi likukankhikira kutsogolo pang'ono ngakhale sindinakhudze buleki. Liwiro latsika, 50, 45. Tsopano ndikoka kakumanja n'kukagwira masekondi awiri osakasiya. Onani pa dashibodi, nambala yachoka, D wabwerera. Galimoto zambiri zimatero, koma buku la galimoto yanu likuuzani njira yake yeniyeni.