Mtima nawonso umagwira mwaye

Assalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh, abale ndi alongo anga. Alhamdulillah kwacha, Allah watibwezera mizimu yathu.

Musanatuluke pakhomo lero, kwechani mtima. Ndanena msanga chifukwa ena muwerenga mizere iwiri yokha, minibasi n'kufika.

Nonse mukuidziwa ndime 14 ya Surat Al-Mutaffifin, yonena kuti zimene anthu ankachita zaphimba mitima yawo. Mtumiki wathu Muhammad (swalla Allahu alayhi wasallam) anaifotokoza yekha: munthu akachita tchimo, kadontho kakuda kamagwa pa mtima wake, akasiya, napempha chikhululuko ndi kulapa, mtima umayera, akabwereza, kadontho kaja kamakula mpaka mtima wonse kuphimbika. Ine ndikamva hadith imeneyi, mawu a Mtumikiwa, ndimaona poto wa pamafuwa. Palibe amene amapaka poto mwaye dala. M'mawa waphikira phala, masana nsima, madzulo watereka madzi osamba, utsi ukungogwira ntchito yake pang'onopang'ono. Mayi wodziwa amatenga mchenga ndi phulusa tsiku lomwelo, mwaye ukadali wofewa. Wina amati ndikwecha Loweruka. Loweruka likafika mwaye wauma gwa, ndipo pakapita miyezi amayamba kuuza anthu kuti poto ameneyu ndi wakuda chigulire.

Sabata ino yandilemera. Pali mawu amene m'bale wina anayankhula za ine pa nkhani ya munda wa kumudzi, ndipo anandipeza atadutsa kale m'makamwa ambiri. Sindinamuyankhe. Koma ndimati ndikaima pa swala, pakamwa pakuwerenga Fatiha, mkatimu ndikukonza yankho loti ndikamuuze, n'kulikonzanso kuti limupweteke bwino. Ndimapereka salamu osadziwa kuti ndawerenga sura iti. Udhu, kusamba kokonzekera swala kuja, unali wokwanira, ndinalunjika kibla, rakaa sizinaperewere. Aliyense woyang'ana akanati masha Allah. Mwaye unali mbali imene anthu saona.

Paja Umar ibn al-Khattab anasimba za tsiku limene munthu wovala zoyera mbee, watsitsi lakuda bii, anafika pakati pa maswahaba, anzake a Mtumiki. Sankaoneka ngati wapaulendo, komanso palibe amene ankamudziwa. Anakhala pafupi ndi Mtumiki mawondo kukhudzana, nafunsa za Chisilamu. Anayankhidwa zisanu zija: shahada, swala, zaka, kusala mwezi wa Ramadhan, ndi Hajj kwa amene angathe. Anafunsa za Iman, anayankhidwa zisanu ndi chimodzi: kukhulupirira Allah, angelo ake, mabuku ake, atumiki ake, tsiku lomaliza, ndi chikonzero chake, chabwino ndi chowawa chomwe. Kenako anafunsa za Ihsan, ndipo yankho lake ndi limene landisowetsa tulo: umupembedze Allah ngati ukumuona, ndipo ngakhale sukumuona, Iye akukuona. Munthu uja atachoka, Mtumiki anati ameneyo ndi mngelo Jibril, anabwera kudzakuphunzitsani chipembedzo chanu. Mafunso onse atatu anawatcha chipembedzo. Ife ambiri tinaloweza yankho loyamba ku madrassa, tinakhoza bwino, n'kuimira pomwepo.

Tisanamizane, abale anga. Timadziwa kukwecha mbali ya poto imene iyang'ane kumsewu tikamuika pathandala. Lachisanu kanzu yoyera, chisoti chatsopano, mzere woyamba mumzikiti. Hijabu yosita bwino. Zonsezi nzabwino, musazisiye. Koma Mtumiki anatiuza kuti Allah sayang'ana maonekedwe athu kapena chuma chathu, amayang'ana mitima yathu ndi ntchito zathu. Anatiuzanso kuti m'thupi muli kachidutswa ka nyama, kakakhala bwino thupi lonse lili bwino, kakaonongeka thupi lonse laonongeka, ndipo kameneko ndi mtima. Tembenuzani poto, muone kunsi.

Mayi wathu Aisha, mkazi wa Mtumiki (Allah asangalale naye), ananena kuti sura zoyamba kutsika zinali zokamba za Janna ndi Moto, ndipo malamulo a halali ndi haramu anabwera anthu atakhazikika kale m'Chisilamu. Anati likanayamba kutsika lamulo loti musamwe mowa, anthu akanati sitidzasiya mpaka kalekale. Zaka 13 za ku Makka zinapita kukonza mitima kuti idziwe kuti palibe wina woyenera kupembedzedwa koma Allah. Kusala kwa Ramadhan kunalamulidwa ku Madina, m'chaka chachiwiri kuchokera pamene Mtumiki anasamukira kumeneko mu 622. Allah anayambira mkati. Nanga ife bwanji timayambira kunja n'kuthera komweko?

Ndipo taonani kumene ndime ya mitima yophimbika ija inaikidwa. Sura imeneyi imayamba ndi tsoka kwa opunguza muyeso, amene pogula amafuna chodzaza koma pogulitsa amachotsera. Ndi nkhani ya pamsika imeneyi, ya chitini chophwanyidwa kunsi, ya sikelo yogulira soya ndi nandolo imene mwini wake yekha amadziwa chimene anaichita. Wogula sanaone, wapita akuthokoza. Kadontho kagwa. Mawa kena. Munthu yemweyo swala ya masana ya Dhuhr ikakwana amatseka benchi n'kuthamangira kumzikiti, pomwe Qur'an pa Surat Al-Ankabut ndime 45 ikuti swala imaletsa zonyansa ndi zoipa. Ngati swala yathu siikufika pa sikelo, siikufika pa lilime, siikufika pa mmene timayankhulira ndi akazi athu ndi amuna athu kunyumba, ndiye kuti tikungotsukuluza poto ndi madzi, mchenga sunakhudze mwaye.

Koma musataye mtima, inu amene mwawerenga mpaka pano mukumva kulemedwa. Poto amada chifukwa ali pamoto. Amene akulera ana, akusaka fizi, akudwazika makolo, akukhala ndi apongozi ndi anansi, utsi sungamuphonye. Ndipo palibe mayi amene amataya poto chifukwa wada. Allah akuitana pa Surat Az-Zumar ndime 53 anthu amene adzichitira okha zoipa mopyola, akuwatchabe akapolo ake, n'kuwauza kuti asataye chiyembekezo pa chifundo chake. Mtumiki mwini wake, amene anakhululukidwa zakale ndi zam'tsogolo, ankapempha chikhululuko koposa ka 70 pa tsiku. Ngati iye ankakwecha chotere, ine ndi inu tili ndi chifukwa chanji chodikirira Ramadhan? Anatiuza kuti swala zisanu, Ijuma kufika Ijuma ina, Ramadhan kufika Ramadhan ina, zimafufuta zapakati pake malinga munthu apewe machimo akuluakulu. Mchenga ndi phulusa tapatsidwa kale, zili pakhomo pomwe, kasanu pa tsiku.

Choncho kwechani lero, mwaye wa dzulo usanaume. Mukanena Allahu Akbar, khalani kaye chete pang'ono, mukumbukire amene mwaima pamaso pake. Maganizo akathawira ku ngongole kapena kwa amene anakulakwirani, abwezeni, akathawanso abwezeninso, musatope. Mukamaliza musadumphe pamkeka ngati pali moto. Astaghfirullah katatu kaja kaneneni mukumva chimene mukunena.

Pali mwaye wina umene istighfar, kupempha chikhululuko kwa Allah, payokha siuchotsa, ndiwo wa pakati pa iwe ndi mnzako. Apa ndikulemba dzanja likulemera. Mtumiki anati sikololedwa kwa Msilamu kunyanyala m'bale wake kupitirira masiku atatu, akakumana uyu kuyang'ana uku uyo kuyang'ana uko, ndipo wabwino mwa awiriwo ndi amene wayamba kupereka salamu. Sanati amene analakwa ndiye ayambe. Foni imene mukuwerengera mawu ano ili ndi nambala ya munthu ameneyo. Ngati munapunguza muyeso wa wina, mubwezereni. Ngati munamunena kumbali, kakonzeni kumene munaononga.

Umm Salama, mkazi wa Mtumiki, anafunsidwa dua imene Mtumiki ankaibwereza kwambiri akakhala kwa iye, ndipo anayankha kuti ndi iyi: Ya Muqallibal qulub, thabbit qalbi ala dinik. Inu wotembenuza mitima, limbitsani mtima wanga pa chipembedzo chanu. Tiyende nayo lero popita kuntchito, kumsika ndi kumunda. Nanenso mundiikeko m'madua anu, kuti Allah andifewetsere lilime pamene ndikukamupatsa salamu m'bale wanga uja.