Thupi Kuchoka ku Joni Kupita Kumudzi: Kodi Kumochale Amabadi Ziwalo?

Abale anga a ku Tembisa, Diepsloot, Mayfair, Yeoville, muli bwanji? Musathawe poona mutuwo. Tonse tinalandirapo foni ija ya usiku: "Kwagwa zovuta." M'bale watisiya kuno ku Joni, kumudzi amalume akufunsa kale kuti thupi lifika liti. Khalani nane, chifukwa pali bodza lina limene landitopetsa ndipo lero ndithana nalo. Musanaiwale, dinani subscribe ndi kabelu kaja.

Choyamba, wamwalira bwanji? Ngati ndi matenda kuchipatala, dokotala amalemba fomu yodziwitsa za imfa ya DHA-1663, imapita ku Home Affairs, chikalata cha imfa chimatuluka. Basi. Koma ngati ndi ngozi, kubayidwa, kuwomberedwa, kapena mwangomupeza m'chipinda osadzuka, musamunyamule. Itanani apolisi. Galimoto imene ibwere si ya kampani ya maliro ayi, ndi ya boma, ya nthambi yopima mitembo ya Forensic Pathology, ndipo thupi lipita kumochale ya boma monga ya ku Hillbrow kapena ku Diepkloof.

Chachiwiri, dzina. Amene mukugwira ntchito ndi chitupa cha mnzanu, ndikunena inu. Dzina la pa chikalata cha imfa liyenera kufanana ndi la pa pasipoti. Kukazindikira thupi pitani msanga ndi mapepala enieni a malemu, chifukwa thupi lopanda mwini likakhala masiku 30 boma lili ndi mphamvu yoliika lokha m'manda.

Chachitatu, apa ndiye ndikhale pansi bwinobwino.

Thupi lafika kumudzi, amene akusambitsa maliro avundukula, aona ulusi kuchokera pachifuwa kutsikira kumimba. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse wamva kuti ku Joni anamuchotsa mtima ndi impso nakagulitsa. Kenako chala chimaloza mnyamata amene waperekeza thupi, yemwe wagona m'njira masiku atatu, wathera marandi ake omaliza, kuti ndiye wadya ndalama za ziwalo. Zimandiwawa zimenezi, anthuni.

Ulusi uja ndi wa positimotemu. Lamulo la kuno, Inquests Act ya 1959, limafuna kuti imfa imene si yachilengedwe ifufuzidwe, ndipo pamenepo dokotala sadikira kuti banja livomere. Amatsegula, amapima chiwalo chilichonse kuti aone chamupha, amabwezera m'kati n'kusoka. Nthawi zina amatapa magazi kapena kudula tizidutswa tokapima kulabotale. Timeneto ndi timene mawa tingamangitse amene anapha m'bale wanu.

"Nanga kabala kapakhosi kapena pantchafu?" Ndakumvani. Kameneko ndi ka oumitsa thupi. Amalowetsa mankhwala a formalin kudzera mumtsempha waukulu, magazi n'kumatuluka mumtsempha wina. N'chifukwa chake thupi limafika lolimba, nkhope itasinthako mtundu, fungo lake loyabwa m'maso. Thonje la m'mphuno ndi lotseka madzi kuti asatuluke m'njira. Sikuti akubisa pamene aba.

Tsopano ganizani nane. Mtima woti akaike mwa munthu wina umachotsedwa muthiyeta, kawirikawiri mwa munthu amene ubongo wake wafa koma makina akumupumitsabe, magazi akuyenda. Ukatuluka umangopirira maola 4 mpaka 6. Impso zimapirirako, tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono, koma nazonso zichotsedwe magazi asanaime nthawi yaitali, n'kusungidwa m'madzi ake apadera. Ndiye munthu wagona pamsewu maola angapo kudikira apolisi, wakhala mufiriji masiku awiri, impso yakeyo angaiike mwa ndani? Yafa kalekale. Dziko lino ntchito imeneyi limaidziwa, paja mtima woyamba kuikidwa mwa munthu wina padziko lonse anauika Christiaan Barnard ku Groote Schuur, Cape Town, mu 1967. Madokotala ake akudziwa kuposa inu ndi ine kuti kumochale kulibe impso yamoyo.

Wina alemba m'munsimu kuti "koma azakhali anga anaona ndi maso." Anaona ulusi, mayi. Lembanibe, ndiyankha, ndipo kanemayu mutumizeni ku gulu la WhatsApp la kwanu amalume aja amuone.

Chachinayi, mapepala otulutsira thupi. Chikalata cha imfa, chikalata choti thupi laumitsidwa, chilolezo cha Department of Health chotulutsira thupi m'dziko, ndi kalata ya ofesi ya kazembe wa Malawi, kuno ku Johannesburg kapena ku Pretoria. Kampani ya maliro yodziwa ntchito imathamanga nazo yokha. Ifunseni ikuonetseni Certificate of Competence, chikalata choivomereza kugwira ntchito ya maliro, musanapereke ndalama za msonkhemsonkhe.

Chachisanu, galimoto. Ija yaitali ya magalasi mumaiona ikulowa ku manda a Westpark kapena a Avalon ndi ya m'tauni, yochokera kutchalitchi kupita kumanda. M'kati muli timagudumu totsetserekapo bokosi ndi zogwirira kuti lisagwedezeke. Yopita kwathu kawirikawiri ndi minibasi ya Quantum kapena bakkie (pikapu) yokoka kalavani yotseka, bokosi kumbuyo, operekeza kutsogolo. Msewu ndi N1 mpaka Musina, kuoloka pa Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. A Lilongwe amakhotera ku Dedza. Kukafika Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,700, zipata zitatu, ndipo pachipata chilichonse mapepala aja amafunsidwa. Kutentha kwa ku Tete mukukudziwa, ndiye musanyinyirike ndi mtengo woumitsira thupi.

Galimoto ikafa m'njira, akuluakulu amati malemu akukana, wina atsike akawalankhule: "Tiyeni kwanu, achimwene, ana akudikira." Zimenezo sindilowererapo, lankhulani nawo ndithu. Koma musananyamuke onaninso matayala a kalavani, ndipo katundu wa bizinesi asakwere pamwamba pa bokosi. Ndaziona, n'zochititsa manyazi.

Pandege n'zachangu: OR Tambo mpaka Chileka kapena Kamuzu, thupi limayenda ngati katundu m'bokosi lomata la chitsulo cha zinki m'kati, ndipo kumudzi akonzeretu galimoto yokalandira. Abale athu achisilamu ambiri amasankha kuika konkuno mwachangu monga mwa chipembedzo, nkhani imeneyo ikufuna kanema wakewake.

Sabata yamawa tikamba za mabungwe a maliro, aja timasonkha mwezi ndi mwezi, ndi zoyenera kufunsa msungichuma asanazime foni. Amene mukufuna ndilengeze bizinesi yanu panjira ino, ndilembereni ku inbox.